Ulendo wa Banja: Kucokera ku Phanga la Makwe Kukafika ku Mkaika

Inu anyamata ndi atsikana a m'magulu athu, ambiri mwa inu mwayendapo pa msewu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Basi ikangooloka ulalo wa Luangwa ndi kupitirira Nyimba, tulo timakugwirani, ndipo cimene cimakudzutsani ndi mau a ogulitsa nthoci ndi mazira pa Sinda kapena pa Katete Stores. Kodi munayamba mwadzifunsapo kuti m'mapiri aja mumawaona pa zenera muli ciani?

Tifuna kukuuzani za ulendo umene banja lililonse la ku Katete, Sinda kapena Vubwi lingathe kuyenda masiku awiri kapena atatu. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa August, pamene misewu ya fumbi yauma, cimanga cili m'nkhokwe, ndipo sukulu n'zotseka. Kambiranani ndi atate ndi amai, sonkhani ya mafuta, pemphani galimoto ya amalume ngati kwanu kulibe. Koma pa onse amene mudzatenge, musasiye ambuya. Apatseni mpando wa kutsogolo, pakuti pali zinthu zina pa ulendowu zimene iwo adzazizindikira inu mukali kukanda m'mutu.

Mudzapeza cinthu codabwitsa. Malo amene tonse timayesa kuti ndi akale-kale, kumene kumasonkhana cinamtindi ca anthu caka ndi caka, ndi a dzulo-dzuloli. Malo akale eni-eni ali zii m'thengo, ndipo amene amawacezera kawiri-kawiri ndi abusa a ng'ombe othawa mvula.

PHANGA LA MAKWE

Yambani ndi Makwe. Ndi phanga la m'phiri la mwala, kum'mwera kwa msewu waukulu, kufupi ndi malire a Mozambique. Njira yake mukaifunse pa sukulu ya Kondwelani. Pofika musaiwale mwambo: yambani mwaonekera kwa amfumu a mudzi, muwauze cimene mwadzera, ndipo mupemphe munthu wokutsogolerani.

Mu 1966 katswiri wofukula zakale, David Phillipson, anakumba pansi pa phangali. Anapeza timiyala takuthwa tambiri-mbiri, tina tosaposa cikhadabo ca munthu. Timiyalati eni ake anali kutimata ku timitengo ndi utomoni kuti tikhale nsonga za mibvi ndi mipeni. Anapezanso mafupa a nyama zimene anthuwo anadya, ndi makala a moto wao. Atayeza makalawo, kunadziwika kuti anthu anayamba kukhala m'phangali zaka zoposa 5,000 zapitazo. Abrahamu asanacoke ku Uri, pa Makwe panali kufuka utsi. Zimene zinapezekazo zinali zofunika kwambiri, mwakuti akatswiri akamakamba za zida za mwala za mtundu umenewu za kum'mawa kwa Zambia, amazichula ndi dzina la Makwe. Dzina la phanga la kwathu lili m'mabuku a kutsidya la nyanja, koma ana a sukulu ambiri a pa Katete sanalimvepo.

Nanga anthuwo anali ndani? Sanali Acewa, sanali Ansenga, sanalinso Angoni. Apa ndi pamene mutembenukire kwa ambuya ndi kuwafunsa za Akafula, amene ena amati Abathwa kapena Amwandionerapati. Nthano imati anali anthu aafupi, odziwa uta, osafuna kunyozedwa. Ukakumana naye m'thengo anali kukufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wocenjera anali kuyankha kuti, "Ndakuonerani kutali, mukali pa phiri paja," ndipo anali kupita ndi moyo. Wopusa wonena kuti "pompano" anali kulandira mubvi. Timaseka tikamva nthanoyi, koma m'kati mwake muli umboni waukulu. Makolo athu anabvomereza okha kuti dziko lino analipeza lili ndi eni ake.

Alimi oyamba, odziwa kusula citsulo ndi kuumba mbiya, anafika m'dera lino m'zaka mazana oyambirira Yesu atabadwa. Iwo sanathamangitse Akafula tsiku limodzi ai. Anakhala moyandikana zaka mazana ambiri, awa m'midzi, awa m'mapanga, ndipo m'dothi la pamwamba m'mapangawa mumapezeka mapale a mbiya pamodzi ndi timiyala tija. Kuyambira ca m'ma 1000 kunabwera kaumbidwe kena ka miphika, ya mizere yodinda-dinda yozungulira khosi ngati mkanda. Akatswiri anakapatsa dzina la mtsinje wa Luangwa. Mukatola phale lotere, aonetseni ambuya, kenaka mulibwezere pamene munalitola. Mwina adzakuuzani kuti amai ao anali kucita cimodzi-modzi pa mphika wa ndiwo.

Tsopano kwezani maso ku khoma. M'mapanga a kuno kum'mawa muli zojambula za mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale, za Akafula: mizere, mabwalo olowana-lowana, zina ngati makwerero. Utoto wake unali wa miyala yofiira yopera. Zooneka bwino za mtundu umenewu zili ku Katolola, kufupi ndi Chipata. Koma zimene zidzakugwirani maso ku Makwe ndi zoyera, zopakidwa ndi cala, za dothi loyera. Zimenezo ndi zathu. Anazijambula ndi Acewa.

Zina mwa zoyerazi zimaoneka ngati cikopa ca nyama coyanika, kapena buluzi wotambasula miyendo. Ofufuza anayenda m'midzi kufunsa, ndipo anapeza kuti zimagwirizana ndi cinamwali. Anamkungwi anali kutengera anamwali ku malo obisika, ndipo zithunzizi zinali ngati bolodi ya m'kalasi, yothandiza mtsikana kukumbukira malango. Ambuya akangoyang'ana n'kuseka pang'ono osanena kanthu, musawakakamize. Pali mau amene sanenedwa pamaso pa atate anu.

Zina ndi zilombo za nyau, ndipo zimenezi si zakale kwambiri. Ofufuza monga Benjamin Smith akuti zambiri zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900. Cifukwa ciani pa nthawi imeneyo? Cifukwa ndi pamene gule anali pa mabvuto. Poyamba kunabwera Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo pambuyo pake a Mpezeni anadzakhazikika kuno. Acewa ambiri anathawira m'mapiri ndi m'malinga, ndipo m'midzi yolamulidwa ndi Angoni gule sanali kuloledwa mwaufulu. Angoni atagonja kwa Angerezi mu 1898, kunabwera amishoni ndi boma la atsamunda. Cimene sicinathe kuonekera pa bwalo cinakabisala m'phanga.

Cimodzi tikupempheni musanatsike. M'mapanga ambiri mudzapeza maina a anthu olembedwa ndi makala pamwamba peni-peni pa zithunzi, ndi mwaye wa moto wa osaka mbewa kapena wa anthu ocezera kupemphera usiku. Ena amathira madzi pa khoma kuti cithunzi cioneke bwino pa foni. Dothi loyera lija limasungunuka, ndipo likacoka lacoka. Malowa ndi otetezedwa ndi lamulo la 1989 limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, koma bungwe silingaike mlonda pa phiri lililonse.

MABELU NDI NG'OMA

Pobwerera ku msewu waukulu mudzadutsa m'dziko la mamishoni. Ku Nyanje a Dutch Reformed anafika mu 1905, patapita zaka zisanu ndi cimodzi ciyambire nchito yao ku Magwero mu 1899. Ku Chassa kuli Akatolika. Pa Katete pali cipatala ca St Francis, cimene Aangilikani anatsegula mu 1948, kumene ambiri a inu munabadwira. Malo amenewanso ndi mbiri yathu, ndipo makolo athu ndiwo anaumba njerwa zake.

Koma tisabise: pakati pa belu la mishoni ndi ng'oma ya ku dambwe panali nkhondo. Cimene anali kulimbirana ndi anthu a msinkhu wanu. Mphunzitsi anafuna mnyamata ku sukulu, akulu a mudzi anamufuna ku dambwe, ndipo aliyense anadziwa kuti amene watenga mnyamata watenga mudzi wa mawa. Amishoni anali kucotsa mu mpingo aliyense wopita ku gule. A gule naonso anabwezera mwa njira yao. Anasema Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, anatulutsa Maliya, anapanga ngakhale cilombo cochedwa Galimoto. Ciliconse cacilendo cimene cinalowa m'mudzi, gule anacitenga ndi kucibvinitsa pa bwalo kuti anthu aciseke ndi kuleka kuciopa.

Ena a inu mpingo wanu umaletsa kuonerera gule, ena umalola. Imeneyo ndi nkhani ya inu ndi akulu a mpingo wanu, ife pano tikukamba mbiri. Ndipo mbiri ili ndi nthabwala zake. Ku Mua, m'dziko la Malawi, kumene ansembe analimbana kwambiri ndi nyau m'zaka za m'ma 1920, wansembe wina, Claude Boucher, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo pa mishoni yomweyo pasungidwa nkhope za gule mazana-mazana. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

KU MKAIKA

Konzani ulendo wanu kuti Loweruka lomaliza la August likupezeni ku Mkaika, pafupi ndi boma la Katete. Limeneli ndilo tsiku lalikulu la Kulamba, pamene mafumu a Acewa a m'maiko atatu amabwera kudzagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, kupereka mitulo ndi kufotokoza za m'madera ao. Mudzamva mfuu ya "Yoo Gawa!" Mudzaona anamwali akutuluka, Makanja akuyenda pamwamba pa mitu ya anthu, Kasiyamaliro akuzungulira m'fumbi. Mudzaonanso mahema a makampani, ogulitsa zitenje, ndi andale amene zokamba zao nthawi zina zimatalika kuposa gule. Gwirani ang'ono anu pa dzanja, pakuti ana amasowa.

Mlendo akaona zonsezi amaganiza kuti mwambowu wakhala ukucitikira pa bwalo limeneli kuyambira kale lomwe. Si tero. Ufumu ndi wakale, koma bwalo ndi latsopano, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Mbiri ya pakamwa imati a Phiri anacokera ku Uluwa, m'dziko limene lero ndi Congo, ndipo anapeza a Banda atakhala kale. Kalonga anamanga likulu lake ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kum'mwera kwa nyanja ya Malawi. Katswiri wa ku Malawi, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamenepo napeza mikanda ya galasi, mkuwa, minyanga ndi mapale a mbale za ku China. Makolo athu sanali anthu otsekeredwa m'thengo ai, anali pa malonda ndi maiko akutali.

Ku Mankhamba kunabuka mkangano wa ufumu. Undi, m'bale wake wa Kalonga, anacoka napita kumadzulo, ndipo pocoka anatenga Nyangu. Inu ana a masiku ano mwina simuona kukula kwa nkhani imeneyi. Kwa Acewa ufumu suyenda kucokera kwa tate kupita kwa mwana, umayenda m'bere la mai. Wolowa ufumu ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo Nyangu ndiye mai wobala mafumu. Tsono amene watenga Nyangu watenga mbeu yonse, wasiyira mnzake nkhokwe yopanda kanthu. Ufumu wa ku Mankhamba unapitirira zaka zambiri, koma unafooka, mpaka Kalonga Sosola anaphedwa pa nkhondo ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860.

Undi anakamanga ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche, kumene lero ndi cigawo ca Tete ku Mozambique. Kucokera kumeneko mphamvu zake zinafika ku Zambezi ndi ku Luangwa, mpaka m'dziko la Ansenga. Anatuma abale ndi nduna zake kukakhala mafumu m'madera, ndipo iwo anali kutumiza mitulo ku Mano: zikopa za mikango ndi akambuku, ndi mnyanga wa njobvu umene wagunda pansi njobvuyo pakugwa. Kulamba kunayambira pamenepo. Sikunali kubvina cabe, kunali kayendetsedwe ka dziko. Maina atatu a mfumu amafotokoza nchito zake: Kalonga amalonga mafumu, Gawa amagawa dziko, Undi amafungatira anthu ake.

Cinagwetsa Mano n'ciani? Sicinali cinthu cimodzi. M'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi anapeza golide m'dziko la Undi, ndipo anadza ndi asilikali ao, Acikunda, amene anayamba kupha njobvu osapereka mnyanga kwa mwini dziko. Mafumu ang'ono-ang'ono anaona kuti angathe kugulitsa okha minyanga, kenaka ndi anthu omwe, osadzera ku Mano. Malonda a ukapolo anadya midzi. Angoni anadzamaliza zotsala. Ndipo mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire ali kwao ku Ulaya. Mzere wao unasiya Undi ku mbali ya Apwitikizi, pamene mafumu ake monga Kawaza, Mbang'ombe ndi Kathumba anagwera ku mbali ya Angerezi, ndipo Acewa ena ambiri anapezeka ali ku Nyasaland. Mtundu umodzi unagona usiku umodzi, n'kudzuka uli m'maiko atatu.

Undi anaoloka malire kubwera ku Northern Rhodesia mu 1935, ndipo mu 1937 boma linamuzindikira kukhala mfumu yaikulu ya Acewa a kuno. Werengani nokha: likulu la Undi m'dziko lino silinakwanitse zaka 100. Pali nkhalamba m'midzi mwathu zimene zinabadwa iye asanafike. Mishoni ya Nyanje ndi yakale kuposa bwalo la Mkaika.

Za Kulamba, akulu amati atsamunda anauletsa mu 1934, ndipo unakhala zii zaka 50. Amene anautsitsimutsa mu 1984 ndi Kalonga Gawa Undi X, Obister Chivunga Phiri, patapita zaka zinai Angoni atayambanso Nc'wala yao mu 1980. Iye anamwalira mu 2004, ndipo analowa m'malo mwake ndi Gawa Undi XI, Frederick Daka. Mu 2007 pa bwalo limeneli panakhala atsogoleri a maiko onse atatu pamodzi: Levy Mwanawasa wa Zambia, Bingu wa Mutharika wa Malawi ndi Armando Guebuza wa Mozambique. Tsiku limenelo mzere wa 1891 unacita manyazi.

Kodi kudziwa kuti bwalo ndi latsopano kukucepsa mwambo? Ife tiona kuti ai. Cinthu cimene cinafa zaka 50 siciuka cokha. Panali anthu amene anakhala pansi, nafunsa nkhalamba, nasonkha ndalama, nalimbana ndi owaseka. Funsani atate anu ngati anafikako ku Kulamba kwa zaka zoyambirira zija, ndi kuti kunali anthu angati. Mudzamva kuti zinayamba zazing'ono.

Ngati mafuta alipo, tsatani msewu wocokera pa Katete kupita kum'mwera, makilomita oposa 50, mpaka pa cipata ca Chanida. Kutsidya ndi Cassacatiza, ndipo msewu umenewo umapita ku Tete. Palibe cikwangwani conena za Mano pamenepo, pali malole okha oyembekeza mapepala. Koma imani pang'ono, muyang'ane mapiri a kutsidyako, pakuti dziko la Undi lakale ndi lomwelo. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya pacibale itakula ku Mozambique, anthu ambiri anaoloka malire amenewa pothawa, ndipo zigawenga zinafika mpaka m'midzi ya kuno. Nkhondoyo inatha mu 1992. Boma linali kuwalemba kuti ndi othawa kwao, koma m'midzi yambiri anali kufikira kwa amalume ao.

KALEMBA NDI VUBWI

Tsiku lomaliza loweni msewu wa ku Chadiza. M'boma limeneli muli phanga la Kalemba. Mverani dzinalo, kenaka mukaone makoma ake. Phillipson yemwe uja anakumba pamenepa mu 1971, ndipo anatsika pansi mamita angapo, akudutsa phulusa la mibadwo ndi mibadwo. Pansi peni-peni anapeza zida za anthu amene anakhalapo zaka zoposa 35,000 zapitazo. Poyerekeza ndi Kalemba, ngakhale Makwe ndi mwana. Muuzeni mng'ono wanu wa Giredi 7 awerenge kuti ndi mibadwo ingati, ngati m'badwo umodzi ndi zaka 25. Adzapeza 1,400.

Kucokera ku Chadiza pitirirani mpaka ku Vubwi, dziko la Mfumu Pembamoyo. Vubwi ndi Sinda anakhala maboma paokha mu 2012. Msewu wake ngwa mapiri, tsono yendani dzuwa likali m'mwamba. Kumeneko simudzapeza phanga lochuka kapena bwalo lalikulu. Cimene mukaone ndi anthu. Boma limeneli lili pa mphanda, Malawi mbali iyi, Mozambique mbali iyo, ndipo pali mabanja amene munda uli dziko lina, cigayo dziko lina, manda a makolo dziko linanso. Asiyeni ambuya atsike pa msika, apatse moni amai ogulitsa nyemba ndi kufunsana mfunda. Sipadzapita nthawi yaitali asanapeze wa Phiri kapena wa Banda amene adzawachula kuti mlongo.

Zojambula zoyera zija sizinathere pa malire. Zimapitirira mpaka ku mapiri a Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi za pa miyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2006. Kumeneko ndi kwa caka cina, ndipo kudzafunika ziphaso zoolokera pa Mwami.